Opaleshoni ya Ng'ala Yatheka: Zoyenera Kuchita Kuti Diso Lione Bwino

M'midzi ya ku Tsangano ndi ku Macanga muli agogo amene anasiya kupita kumunda, kutchalitchi ngakhale kumaliro chifukwa cha ng'ala. Kawirikawiri mdzukulu wowagwira ndodo amajomba kusukulu. Bungwe la World Health Organization limati ng'ala ndiyo imachititsa anthu ambiri khungu padziko lonse, chonsecho imatha ndi opaleshoni ya mphindi pafupifupi 20. Opaleshoniyi imachitika pa chipatala chachikulu cha Tete, ndipo kutsidya kwa malire ku Malawi, chipatala cha Nkhoma cha mpingo wa CCAP chimadziwika nayo. Nthawi zina mabungwe achifundo amalipirira zonse.

Koma kuchitidwa opaleshoni n'kosiyana ndi kuona bwino. M'chaka cha 2021 mayiko a m'bungwe la World Health Organization anagwirizana zoti aziwerengera anthu amene akuonadi bwino atachitidwa opaleshoni. Dokotala amachita mbali yake tsiku limodzi, mbali yotsalayo imachitikira kunyumba kwa milungu isanu ndi umodzi.

1. Yambani mwayezetsa. Kuona mwachimbuuzi si ng'ala nthawi zonse. Matenda a shuga ndi glaucoma amawononga mkati mwa diso, ndipo munthu akhoza kukhala nawo pamodzi ndi ng'ala. Funsani dokotala mosabisa kuti, "Kodi mayi adzaona kufika pati?" Mukadziwiratu, simudzakhumudwa pambuyo pake. Nenaninso ngati wodwalayo amamwa mankhwala a BP kapena a shuga.

2. Chotsani mantha, konzani ulendo. Diso silichotsedwa ayi. Amalichititsa dzanzi, n'kuchotsa kagalasi kam'kati kamene kachita mbuu, n'kuikapo kena kapulasitiki komwe kamakhala moyo wonse. Wodwala amakhala ali maso koma samva ululu wodetsa nkhawa. Sankhani womuperekeza wamkulu, amene angasunge malangizo m'mutu ndipo adzakhale naye pakhomo. Sungani ndalama ya chapa (minibasi) kapena njinga yamoto yokwanira maulendo obwereza, chifukwa opaleshoni ikhoza kukhala yaulere koma ulendo wochokera ku Furancungo kupita ku Tete ndi wolipira.

3. Musalumphitse madontho. Mankhwala odontheza amateteza diso ku tizilombo ndi kutupa. Sambani m'manja ndi sopo, kokerani pansi chikope cham'munsi, donthezani dontho limodzi, ndipo kamwa ya botolo isakhudze diso. Ngati mabotolo ali awiri, dikirani mphindi zisanu musanathire lachiwiri. Akakuuzani kanayi pa tsiku, gawani motere: podzuka, pa nsima ya masana, dzuwa likapendeka, ndi pogona. Pitirizani mpaka tsiku limene munauzidwa ngakhale diso litayera msanga. M'diso musalowe china chilichonse, kaya madzi a masamba, mkaka wa m'mawere kapena mankhwala a mnansi amene anatsala.

4. Pewani madzi, fumbi ndi utsi. Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa, chifukwa munthu akangoona amafuna kubwezera ntchito zonse zimene zinamudutsa. Sabata yoyamba madzi asalowe m'diso: pukutani nkhope ndi kansalu koyera, kusamba kuyambire m'khosi. Osatikita diso, ndipo pogona valani chotchingira chimene anakupatsani. Kwa mwezi wathunthu ena agwire ntchito yokumba mbatata, kupuntha tirigu kapena nyemba, kupeta, kusesa pabwalo ndi kusankha fodya m'chigafa. Kusenza nkhuni ndi kutunga madzi kudikirenso. M'miyezi yozizira ya June ndi July anthu a kumapiri kuno amawothera moto m'nyumba. Wodwala afunde bulangete, akhale kutali ndi utsi. Pokwera njinga yamoto avale magalasi akuda.

5. Dziwani zizindikiro zoopsa. Kuyabwa pang'ono, misozi ndi kumva ngati muli kamchenga si zodabwitsa masiku oyamba. Koma ululu ukamakula, diso likafiira kwambiri, chikope chikatupa, mafinya akamatuluka, kapena kuona kukayamba kubwerera m'mbuyo, nyamukani tsiku lomwelo. Tizilombo tikalowa m'kati mwa diso tingaliwononge m'masiku ochepa. Musadikire tsiku la msika kapena kuti mugulitse kaye mbewu. Uzani wazaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena namwino wa pa chipatala chapafupi kuti akutumizeni kwa a maso.

6. Bwererani pa masiku amene munapatsidwa. Nthawi zambiri amakuonani m'mawa mwake pochotsa bandeji, kenako pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndiponso pakatha milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Ulendo womalizawu ndi umene ambiri amausiya poganiza kuti zatha, koma ndi pamene amayeza magalasi. Kagalasi koikidwa kaja kamathandiza kuona patali. Kuti munthu alowetse ulusi pa singano, awerenge Baibulo kapena aone manambala pa foni, amafunika magalasi owerengera. Sungani khadi la chipatala pamalo ouma.

7. Mubwezereni munthuyo moyo wake. Akatswiri a London School of Hygiene and Tropical Medicine anatsatira okalamba ochitidwa opaleshoniyi ku Kenya, Bangladesh ndi Philippines. Patatha chaka anapeza kuti ambiri anayambiranso ntchito zopindulitsa, sankadaliranso kwambiri ena, ndipo m'mabanja mwawo umphawi unachepa. Zoterezi zimatheka ngati banja lasiya kumuona ngati wodwala. Dokotala akavomereza, mulekeni aphike, alime dimba lake, apite yekha ku msonkhano wa kwa amfumu. Amene anakhala zaka mumdima ayambe ndi njira zapafupi, popeza miyendo imakhala itafooka. Mdzukulu uja abwerere kusukulu.

8. Musaiwale diso linalo. Maso awiri ndiwo amathandiza kuyeza bwino dzenje ndi chitunda, choncho funsani kuti lachiwiri lidzachitidwa liti. Ngati patapita miyezi kapena zaka chimbuuzi chabwerera, si ng'ala yameranso. Kawirikawiri ndi kakhungu ka kumbuyo kwa kagalasi kamene kachita mbuu, ndipo a maso amakakonza mosavuta.

Pomaliza, amene waona afotokozere anzake, chifukwa okalamba amakhulupirira mnzawo amene anagonapo pa bedi la opaleshoni kuposa chilengezo cha pa wailesi. M'mayiko ambiri osauka amayi ndiwo amatsalira pa opaleshoniyi. Mukamva kuti madokotala a maso akubwera, fufuzani amayi amasiye ndi agogo okhala okha m'mudzi mwanu, ndipo mugwirizane woti adzawaperekeze komanso wodzawathira madontho.