Makalata a omvera: Mavidiyo ozunza nyama

Zikomo mayi athu a ku Block 3, mumzinda wa Gaborone, potilembera. Mukuti mwana wanu wapeza pa Facebook vidiyo ya anyamata akumenya galu uku akuseka, ndiye mukufunsa ngati n'koyenera kuitumiza kwa anzanu kuti adzudzule nawo. Ayi mayi, musatero. Makina a Facebook, TikTok ndi YouTube sasiyanitsa wokwiya ndi wosangalala. Akaona kuti ambiri akuonera, kulemba ndemanga ndi kutumizirana, amaifalitsa kwambiri, ndipo wopindula ndi wojambulayo. Mu 2023, atolankhani a BBC anaulula anthu a ku America ndi ku Britain omwe ankalipira anzawo ku Indonesia kuti azizunza ana a anyani pa kamera. Ena mwa iwo anamangidwa.

Inu dinani pomwe palembedwa kuti Report. Ngati galuyo ndi wa m'dera lanu, dziwitsani apolisi kapena bungwe loteteza nyama la BSPCA konko ku Gaborone. Kuno kumudzi ku Malawi tili ndi LSPCA ku Lilongwe. Kuzunza nyama ndi mlandu ku Botswana ngakhalenso ku Malawi. Mwanayo mukhale naye pansi, mumuuze kuti galu nayenso amamva kuwawa.