NYAMBO IYENERE NSOMBA

Abale, ambiri a ife okhala m'mbali mwa Luangwa m'dziko la Chama tidziwa cisoni ca msodzi wobwera madzulo manjamanja, ana ali kudikira ndiwo. Iye amati madzi alibe nsomba, koma kawirikawiri colakwa ciri pa nyambo. Pakuti nsomba iri yonse iri ndi cakudya cace, ndipo kamwa lace litiuza cakudyaco.

1. Mlamba. Uwu uli ndi ndebvu zofufuzira cakudya pansi, ndipo utsata pfungo, makamaka usiku. Upatseni nyongolotsi kapena matumbo a nkhuku, ndipo nyambo igone pamatope.

2. Mceni. Mano ace akuthwa aonetsa kuti udya nsomba zinzace. Kolowekani kansomba pambedza, nimuike kawaya pakati pa mbedza ndi cingwe, cifukwa manowo amadula cingwe.

3. Nsomba za mtundu wa cambo. Izi zimadya ndere ndi zomera za m'madzi, koma zilandiranso nyongolotsi zazing'ono. Mbedza yace ikhale yaing'ono.

4. Ningwe ndi abale ace. Izi ndizo zobvuta koposa. Kamwa lao liri kunsi, ndipo zimapala ndere pamiyala ndi pamitengo yomira. Kunyanja ya mcere ndi kumatsiriro a mitsinje monga Zambezi kuli nsomba yochedwa mullet, yokhala ndi makhalidwe omwewo: idya ndere ndi zonyenyeka za m'matope, nithawa ikangoona cithunzi ca munthu. Asodzi a kumeneko amayamba aizoloweza ndi nyenyeswa za buledi asanaponye mbedza. Ife tiri ndi gaga wa mpunga ndi wa cimanga. Sakanizani gagayo ndi nsima, nimuponye pang'ono pamalo amodzi masiku awiri kapena atatu. Pambuyo pace umbani kambulu kakang'ono kobisa mbedza yonse. Khalani pansi, musaponde mwamphamvu, ndipo cithunzi canu cisagwe pamadzi.

Mukagwira nsomba yoyamba, tumbulani mimba yace ndi kupenya zimene idadya. Pamenepo mudzadziwa nyambo ya tsiku limenelo.

Cifukwa ninji tiphunzitsa izi? Munthu wolephera ndi mbedza amafulumira kuthira katupe m'thamanda kapena kukoka ukonde wa udzudzu. Njira zimenezi zipha nsomba zazikuru pamodzi ndi ana ace, ndipo caka camawa mudzi wonse usowa ndiwo. Lamulo la dziko la Zambia liletsa kupha nsomba ndi mankhwala, ndipo boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto a February, nthawi imene nsomba ziswana. Wodziwa nyambo atenga zokwanira banja lace, nasiya mbeu m'madzi.

Cotsiriza, cenjerani ndi ng'ona. Musakhale pamalo amodzi pafupi ndi madzi akuya masiku onse, ndipo potaya gaga muime patali ndi gombe. Ana asapite kukawedza okha.