Kuona njere osaswa khoko: phunziro la hemoglobini pa kompyuta



Kuno kwa Dambe palibe amene sadziwa kuswa mtedza. Kuti uone njere uyenera kuphwanya khoko, koma ukaphwanya sungathenso kuonetsa mnzako mmene njerezo zinagonera mkatimo. Asayansi ofufuza mamolekyulu, tizigawo tating'onoting'ono timene timapanga thupi lathu, amakumana ndi vuto lomweli: akaonetsa kunja, mkati mumabisika, akaonetsa mkati, kunja kumasowa. Njira imene amagwiritsa ntchito ndi kupanga kanema pa kompyuta momwe khoko limazimirira pang'onopang'ono, ngati nkhungu ya mu June dzuwa likamakwera. Lero tiphunzira mmene amalembera malamulo a kanema wotere.

Chitsanzo chathu ndi hemoglobini, puloteni ya m'maselo ofiira a magazi imene imanyamula mpweya wa okosijeni. Ili ndi zingwe zinayi zopindikapindika: ziwiri za alpha, chilichonse chokhala ndi ma amino acid 141, ndi ziwiri za beta za ma amino acid 146. M'kathumba ka chingwe chilichonse muli kachigawo kotchedwa haem, ndipo pakati pake pali atomu imodzi ya ayironi, pamene okosijeni amagwira. Max Perutz wa ku Cambridge anatha zaka zoposa 20 akufufuza maonekedwe ake pogwiritsa ntchito X-ray, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1962. Masiku ano maonekedwewa amasungidwa mu Protein Data Bank, nkhokwe imene inayamba mu 1971 ndi mapuloteni 7 okha, ndipo aliyense angatengemo kwaulere. Hemoglobini ya munthu ili pa nambala 4HHB.

Kanema ndi zithunzi zambiri zoonetsedwa motsatizana mofulumira. Pulogalamu ya ChimeraX, yopangidwa ku University of California ku San Francisco, imaonetsa zithunzi 25 pa sekondi ngati simunaiuze zina. Ilinso ndi muyeso wotchedwa transparency: pa 0 khoko ndi lotseka, pa 100 silioneka konse. Choncho kuzimiririka ndi masamu chabe. Ngati tikufuna kuti khoko lipepuke kwa masekondi 4, tifunika zithunzi 100, ndipo pa chithunzi chilichonse nambala ija ikwere pang'ono. Malamulo ake ndi awa:

open 4hhb
surface
movie record
perframe "transparency $1 target s" range 0,80 frames 100
wait 100
movie encode

Mzere woyamba ukutsegula hemoglobini. Wachiwiri ukuiveka khoko. Wachitatu ukuyamba kujambula. Wachinayi ndiye mwini nkhani: pa chithunzi chilichonse kompyuta ikuika nambala yatsopano pamene palembedwa $1, kuyambira 0 mpaka 80, ndipo target s akutanthauza kuti lamuloli likhudze khoko lokha. Wachisanu ukuuza kompyuta kudikira mpaka zithunzi 100 zitakwana. Ongoyamba kumene amaiwala mzere umenewu, ndiye kompyuta imathamangira kusunga kanema khoko lisanapepuke. Wotsiriza ukusonkhanitsa zithunzi zonse kukhala kanema mmodzi.

N'chifukwa chiyani taimira pa 80 osafika pa 100? Yankho lili mu matenda a sickle cell, amene ana ambiri m'Malawi muno amabadwa nawo. Pa chingwe cha beta, pa malo a nambala 6, amino acid yotchedwa glutamic acid imalowedwa m'malo ndi valine. Kusintha kumeneku kuli kunja, pa khoko penipeni. Okosijeni akachoka, malo amenewa amamatirira ku hemoglobini yoyandikana nayo, mpaka zimalumikizana kukhala timitengo titalititali timene timapinda selo kuti lioneke ngati mwezi ukangotuluka kumene. Maselo otere amatseka timitsempha ting'onoting'ono, mwana n'kumamva ululu waukulu, ndipo amafa pakadutsa masiku 10 mpaka 20 pomwe maselo abwino amakhala masiku pafupifupi 120. Mwaona tsopano: ayironi ili mkati, vuto lili kunja. Ukazimitsa khoko lonse wataya theka la nkhani. Ukalisiya likuonekera pang'ono, diso limagwira zonse ziwiri nthawi imodzi.

Makolo, apa pali mfundo yanu. Matendawa si ufiti ndipo si mlandu wa mayi yekha. Mwana amadwala akatengera kusinthaku kwa bambo ndi mayi omwe. Ngati onse awiri ali nako koma sadwala, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa. Mwana wosowa magazi kawirikawiri, wotupa manja ndi mapazi, kapena wolira ndi ululu wa m'mafupa, apite naye kuchipatala akayezedwe.

Ophunzira, chenjerani ndi chinthu chimodzi mukamaonera makanema otere pa foni. Puloteni ilibe khoko lenileni ngati la mtedza. Kompyuta imalijambula poyerekeza kampira kofanana kukula ndi molekyulu ya madzi kakugubuduzika pamwamba pa ma atomu. Mitundu yofiira, yobiriwira ndi yachikasu imene mumaiona anaisankha ndi munthu. Amene walemba malamulo ndiye wasankha chooneka ndi chobisika, choncho muzifunsa nthawi zonse: wandionetsa chiyani, nanga wandibisira chiyani?

Wopanda kompyuta asadandaule. Jambulani njere ziwiri za mtedza papepala, muziphimbe ndi timapepala ta pulasitiki toyererako tokwana 8, ndipo pa kapamwamba mujambule mzere wa khoko. Muzisolola kamodzikamodzi kuchokera pansi, n'kusiya kapamwambako. Zimene maso anu aone ndi zomwe mzere wachinayi uja umachita.

Mafunso oti muyankhe m'makope:

1. Mukufuna kuti khoko lipepuke kwa masekondi 6. Mufunika zithunzi zingati, ndipo musintha manambala ati m'malamulo aja?
2. Ngati mutalemba range 80,0 m'malo mwa range 0,80, kanema aoneka bwanji?
3. Fotokozani m'mawu anuanu chifukwa chake sitinafike pa 100.