Kodi Kudzitetezera Kumalekezera Pati?

1. Kodi nchifukwa ninji nkhani ya kudzitetezera si yachilendo m'dera la Karoi?

KAROI ndi tauni ya alimi a fodya m'boma la Hurungwe, pamsewu waukulu wochokera ku Harare kumka ku Chirundu. Kwa zaka makumi ambiri, amuna ochokera ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique anagwira ntchito m'mafamu a kumeneko, ndipo mbadwa zawo zambiri zidakali konko. Kulandidwa kwa mafamu kumene kunayamba mu 2000 kunabutsa mikangano yoopsa m'chigawo cha Mashonaland West. Mu August 2001, alimi achizungu oposa 20 anamangidwa ku Chinhoyi pambuyo pa ndeu ndi anthu amene anadzakhala pafamu ina. Alimiwo anati anapita kukathandiza mnansi wozingidwa. Ambiri amadzilungamitsa motero. Koma kodi khoti limawaona motani mawu otereŵa ngati munthu wafa?

2, 3. (a) Kodi woimbidwa mlandu ayenera kukwaniritsa ziyeneretso zotani? (b) Kodi chitsanzo cha wantchito wa pafamu chimasonyezanji?

2 Mu Zimbabwe, milandu ya mbanda imazengedwa m'Khoti Lalikulu, mmene woweruza amakhala limodzi ndi omthandiza aŵiri. Lamulo la milandu limene linayamba kugwira ntchito mu 2006 limalongosola nkhaniyi pa chigawo 253. Chiukirocho chiyenera kukhala chosaloleka mwalamulo, choyambika kale kapena choyandikira kwambiri. Wodzitetezerayo ayenera kukhala analibe njira ina yopulumukira, ndipo nyonga imene anagwiritsira ntchito siyenera kupambana monkitsa chivulazo chimene anali kuchiwopa.

3 Talingalirani wantchito amene akukangana ndi mnzake pakomboni chifukwa cha ngongole. Mnzakeyo asolola mpeni ndi kumpanikizira kukhoma. Ngati wopanikizidwayo amkantha ndi mpini wa khasu ndipo woukirayo afa, khoti lingammasule. Koma bwanji ngati mpeniwo wagwa kale, woukirayo ali gone pansi, ndipo winayo apitirizabe kumkantha? Pamenepo chigawo 254 chimalola kuti apezedwe ndi mlandu wocheperapo wa kupha munthu mosasamala. Nanga bwanji ngati athaŵira kunyumba, natenga nkhwangwa, nkukamfunafuna mdaniyo kumabalani a fodya? Ngoziyo inali itapita. Chimene chatsala ndicho kulipsira, ndipo mlanduwo ngwambanda. Nkosangalatsa kuona kuti Chilamulo cha Mose chinasiyanitsanso mikhalidwe. Wopha mbala yoboola nyumba usiku analibe liwongo la mwazi, koma woipha dzuŵa litatuluka anali nalo (Eksodo 22:2, 3).

“Anandiputa Dala”

4. Kodi ndi liti pamene kuputidwa kumachepetsa mlandu?

4 Kuputidwa sikumasula wakupha ngakhale pang'ono. Malinga ndi chigawo 239, kungangotsitsa mlandu wa mbanda kukhala wa kupha mosasamala. Zimenezi zimachitika ngati mkwiyo unachititsa munthuyo kusadziŵa chimene anali kuchita, kapena ngati anatayiratu kudziletsa pa chinthu chimene chikanagonjetsanso munthu wolingalira bwino wokhala mumkhalidwe wake. Onani kuti muyezo suli mtima wapachala wa woimbidwa mlanduyo. Mwamuna amene mwachibadwa amapsa mtima msanga sapatsidwa ufulu wokulirapo kuposa mnansi wake wofatsa, ndipo mpake. Nthaŵi nayonso imachitira umboni. Amene wagona nacho chitonzo usiku wonse, nanola chikwanje m'mamaŵa, wasonyeza kuti anali ndi mpata wa kulingalira.

5. Kodi lamulo limatinji ponena za kuwopa ufiti?

5 Dzinalo Karoi m'Chishona limatanthauza “kamfiti.” Ena apha wachibale wokalamba pomganizira kuti analodza mwana wawo, nanena kuti anali kutetezera banja. Chigawo 101 chimakana chodzikhululukira chimenecho. Chikhulupiriro choona mtima cha wakuphayo chingalingaliridwe popereka chilango, koma sichichotsa mlandu.

6. Kodi nchiyani chinasintha mu 2024?

6 Pa December 31, 2024, Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anasaina lamulo lothetsa chilango cha imfa, ndipo munthu womaliza kunyongedwa m'dzikolo ananyongedwa mu 2005. Chotero wa ku Karoi wopezedwa ndi mlandu wa mbanda sakanyongedwa. Komabe, iye angakhale m'ndende zaka zambiri, mwinanso moyo wake wonse.