Ulendo wa ku Mapiri a Rumphi

Pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, ana a Sitandade 7 a pa sukulu ina ya ku Lilongwe adapita kukacheza ku Rumphi pamodzi ndi aphunzitsi awo. Rumphi ndi boma la m'Chigawo cha Kumpoto. Bomali ndi lotchuka chifukwa cha khofi wolimidwa m'mapiri ake ndiponso nyama zakuthengo za pa Nyika. Anthu ambiri a kumeneko amayankhula Chitumbuka.

Atagona ku Mzuzu, adalaŵira m'mamaŵa, nadutsa pa Ekwendeni mpaka kuloŵa m'chigwa cha Henga. Kuchokera m'chigwamo basi idakwera pang'onopang'ono kulinga ku Nchenachena, m'mapiri a Phoka. Kumeneko adalandiridwa ndi mlimi wina wachikulire, amene adawatsogolera kumunda kwake. Mitengo ya khofi idali m'mizere, pansi pa mthunzi wa nthochi, ndipo nthambi zake zidali zitaŵerama ndi zipatso zofiira.

"Agogo, kodi n'chifukwa chiyani kwathu kuja sitilima khofi?" adafunsa mnyamata wina.

"Mdzukulu wanga, khofi uyu ndi wa mtundu wa Arabica," adayankha mkuluyo. "Amakonda malo okwera, ozizira ndi a mvula yambiri. Amafunanso munthu wopirira, pakuti ukaoka mbande umadikira zaka zitatu kuti uyambe kuthyola."

Kenaka adawaonetsa kathyoledwe kake. Wothyola amasankha zipatso zofiira zokhazokha, nasiya zaziŵisi kuti zipse. Tsiku lomwelo zipatsozo amapita nazo ku makina osenda makungu. Njere zotsalazo amaziviika kuti kunanda kuchoke, amazitsuka ndi madzi ambiri oyera, kenaka amaziyanika pa thandala.

"Mwaona, ana inu, kuti popanda madzi palibe khofi," adatero mkuluyo. "Kamtsinje aka katati kaphwe, ntchito yathu yathera pomwepo. Koma madziŵa sachokera pamudzi pano ayi. Amatsika kumwamba uko." Ponena izi adaloza phiri la Nyika, limene lidali litafunda mitambo.

Aphunzitsi adaonjeza kuti khofi adafika m'Malaŵi m'chaka cha 1878, pamene amishoni a ku Blantyre adabwera ndi mbande kuchokera ku Edinburgh. Adanenanso kuti m'chaka cha 2007 alimi ang'onoang'ono a khofi adakhazikitsa bungwe lawo lalikulu, limene likulu lake lili ku Mzuzu.

Usiku umenewo adagona pa boma la Rumphi. Kutacha adadzera ku Bolero, kwawo kwa Mfumu Yaikulu Chikulamayembe, naloŵa m'nkhalango ya Nyika pa chipata cha Thazima. Atakwera kwa nthaŵi yaitali, mitengo idayamba kuchepa. Patsogolo pawo padatambalala zitunda za udzu wokhawokha mpaka polekezera maso. Mphepo idali yozizira kwambiri, kotero kuti aliyense adavala juzi.

Pa Chelinda adakumana ndi mlonda wa nyama, amene adayenda nawo. Iye adawauza kuti Nyika idakhazikitsidwa m'chaka cha 1965 kukhala malo osungirako nyama, ndipo kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 3,000. Nsonga yake yaitali ndi Nganda, imene kutalika kwake kumaposa mamita 2,600. Pa Nyika pali mitundu ya mbalame yoposa 400 ndi mitundu ya maluŵa a m'gulu la chinaka yoposa 200. Maluŵaŵa amamasula m'nyengo ya dzinja.

Poyamba anawo sadaone nyama chifukwa ankasokosa. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," adawadzudzula aphunzitsi. Atakhala chete adaona mbidzi zikudya msipu, mphoyo m'dambo, ndi gulu la ntchefu patsidya. Chilembwe wina adaima pa chitunda n'kumawayang'anitsitsa. Kambuku sadamuone, pakuti iye amakonda kuyenda usiku.

Patsogolo pang'ono adapeza phiri lonse lili bii, lopserera. Mlondayo adaima, nkhope yake itagwa.

"Bambo, ndani watentha kuno?" adafunsa mtsikana wina.

"Ndi anthu opha nyama mozemba," adayankha. "Ife timatentha madera ena udzu usanaumitse, kuti moto ukhale wofatsa. Koma moto wa m'chilimwe ndi wolusa. Umaloŵa m'timankhalango ta m'makhwaŵa, n'kusiya nthaka pambalambanda. Udzu, madambo ndi mitengo ya kuno zili ngati chinkhupule. Zimamwa mvula ya dzinja n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi, Runyina ndi Wovwe imayambira kuno. Nthaka ikakhala yosafunda, madzi amathamanga tsiku limodzi, ndipo pofika Okutobala timitsinje timaphwa."

Mlondayo sadabise kuti kusunga Nyika kudali ndi zoŵaŵa zake. M'chaka cha 1978, pamene malire ake adakuzidwa, mabanja ambiri adasamutsidwa, nasiya minda ndi manda a makolo awo. N'chifukwa chake oyang'anira malowa amayenera kugwirizana ndi midzi yozungulira, kuti nayonso izipindula, monga poŵeta njuchi ndi kumweta udzu mwa chilolezo.

Mtsikana uja adalingalira pang'ono, kenaka adati, "Aphunzitsi, ndiye kuti wotentha phiri lino watenthanso khofi wa agogo aja!"

"Wanena zoona, mwana wanga," adavomereza aphunzitsi. "Mlimi uja ndi mbidzi zija amamwa chitsime chimodzi."

Tsiku lotsatira, potsika phirilo, anawo ankaŵerenga timitsinje tonse timene basi idaoloka.

Mafunso

1. Tchulani zinthu ziŵiri zimene zimatchukitsa boma la Rumphi.
2. Kodi khofi wa Arabica amakonda malo otani?
3. Fotokozani zimene mlimi amachita kuyambira pothyola khofi mpaka pomuyanika.
4. Tchulani nyama zinayi zimene ana adaona pa Nyika.
5. Kodi moto wa m'chilimwe umaononga bwanji mitsinje?
6. Kodi aphunzitsi ankatanthauza chiyani ponena kuti mlimi ndi mbidzi amamwa chitsime chimodzi?

Ntchito

(a) Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: thandala, mbande, chitunda, pambalambanda.
(b) Funsani akuluakulu a kwanu kumene mtsinje wa kufupi ndi mudzi wanu umayambira. Lembani ndime imodzi yofotokoza mmene anthu angausamalire.