Phunziro la Akatekisiti: Mpheta Yachilendo ya pa Madenga Athu

Pa msonkhano wa mphakati wina ku Area 43 mnyamata anafunsa kuti: “Kodi mpheta zimene Ambuye Yezu anazitchula ndi zomwezi timazilasa ndi legenizi?” Akulu anaseka, koma funsolo nlabwino, ndipo mphunzitsi wa katekisimu ayenera kudziwa poyankha pake.

Pa nyumba zathu pali mpheta za mitundu iwiri. Ina ndi yakonkuno: mutu wake ngwotuwa, ndipo yaimuna ndi yaikazi nzofanana. Inayo ndi mlendo, imene Angerezi amaitcha house sparrow. Yaimuna ili ndi masaya oyera ndi banga lakuda pakhosi, ngati ndevu. Yaikazi njofiirira, ya kamzere koyera pamwamba pa diso. Makolo athu sanaidziwe mbalame imeneyi. Anthu anaitenga ku India nafika nayo pa doko la Durban cha m’ma 1900. Inakhalitsa komweko, kenaka inayamba kukwera kumpoto, kutsata midzi, misewu ndi njanji, mpaka inaoneka m’Malawi m’chaka cha 1967. Pamene Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, iyo inali idakali mlendo wa dzulodzulo. Simudzaipeza m’nkhalango. Imakonda pamene munthu ataya chakudya: pa chigayo, pa msika wa ku Old Town, pa khomo la sitolo, ndipo imamanga chisa chosalongosoka pansi pa malata.

Tsono yankho nali. Mpheta yachilendoyi ku dziko la Ayuda nkwao ndithu, kotero Ambuye anali kuiona tsiku ndi tsiku. Pa Mateyo 10:29 mpheta ziwiri zili pa mtengo wa kakobiri kamodzi. Pa Luka 12:6 zisanu zili pa timakobiri tiwiri. Werengani bwino, inu odziwa msika. Timakobiri tiwiri tikanagula zinayi. Yachisanuyo ndi basela, yopanda mtengo konse. Ndiyo imeneyo Ambuye aiwerengera pamodzi ndi zinzake pophunzitsa kuti Atate saiwala ngakhale imodzi.

Wina adzati: nanga si mbala yakuba mpunga pa mphasa? Inde, imaba, sitikana, ndipo imadetsa mawindo a tchalitchi. Mayi woanika ufa saichimwira poiingitsa. Koma ana ake imawalera ndi mbozi ndi tizilombo. Ku China, mu 1958, boma linalamula kuti mpheta zonse ziphedwe chifukwa chodya mbewu. Zinali za mtundu wina wapachibale. Anthu anagumula zisa naomba ziwaya kufikira mbalame zinagwa ndi kutopa. Dzombe linachuluka popanda wolidya, ndipo linaonjeza njala yoopsa imene inapha anthu mamiliyoni. Pa ine ndekha ndiona kuti mnyamata wolasa kambalame kuti aone chabe kugwa kwake ayenera kudzudzulidwa. Njala ndi kusewera ndi zinthu ziwiri. Papa Francis analemba mu Laudato Si’, mu 2015, kuti cholengedwa chilichonse chili ndi ulemu wake pamaso pa Mulungu, ngakhale ife tisapindule nacho.

Akatekisiti, Lamulungu likudzali muwerengere ana malo awiri aja, ndipo iwo okha apeze mpheta yachisanu. Pambuyo pake muwatume kukayang’ana pa denga la kwao, adzakuuzeni ngati aona yakonkuno kapena ya ndevu zakuda.