Mwana Akamaphunzitsa Mnzake Sakutaya Nthawi

Amayi anzanga, ena mwa inu muli ndi ana ku MUBAS, sukulu ija tinkaitcha Poly, pa Ginnery Corner. Inatsegulidwa mu 1965 ndipo inakhala yunivesite yoima payokha mu 2021. Maphunziro a uinjiniya kumeneko amatenga zaka zisanu, ndipo masamu ake ndi olimba. Wolephera mayeso mobwereza amachotsedwa, fizi yonse ija n'kulowa m'madzi.

Ndiye mwana akamachedwa kufika panyumba ku Chitawira, ku Ndirande kapena ku Bangwe, nati "Amayi, ndimathandiza anzanga masamu," mtima umadandaula. Timati akuthera nthawi pa ena, zake zili pompo.

Chifukwa chake n'kothandiza

M'kalasi ophunzira amachuluka, mphunzitsi ndi mmodzi. Wamanyazi safunsa, ndipo paja safunsa anadya phula. Koma kwa mnzake wa chaka chachitatu, amene anavutika ndi phunziro lomwelo posachedwa, amafunsa momasuka, ngakhale m'Chichewa.

Wophunzitsayo amapindula koposa. Ndaziona pophunzitsa anamwino: mtsikana amene wafotokozera mnzake kayezedwe ka BP, nagwira naye chipangizo, saiwalanso. Pofotokoza m'pamene munthu amazindikira pamene iye mwini sanamvetse, nakonza mayeso asanafike.

Nkhaniyi ikutikhudza ngakhale ife a kuchipatala. Ena mwa anawa akuphunzira uinjiniya wa zipangizo zachipatala. Makina a okosijeni akafa mu wodi ya ana obadwa masiku osakwana, timafuna injiniya wodziwadi ntchito, wothanso kulongosolera namwino kasamalidwe kake.

Mbali yathu makolo

1. Dziwani anzake a pagulupo ndi kumene amakumana. Gulu la anthu anayi kapena asanu limayenda bwino. Likakula limasanduka macheza.
2. Kumbutsani mwana kuti kuphunzitsana si kukoperana. Wolembera mnzake ntchito amupha m'tsogolo, ndipo onse awiri angalangidwe.
3. Atsikana asabwerere okha usiku. Ngati n'kotheka, apatseni malo pakhomo panu Loweruka masana, ndi tiyi pang'ono.
4. Ana aamuna ndi aakazi omwe muwachepetsere ntchito zapakhomo mayeso akayandikira.

Zokambirana pa msonkhano wathu

Kodi m'mphakati mwathu muli ophunzira a kukoleji amene angathandize ana a Fomu 4 masamu ndi sayansi patchuthi? Nanga ndani mwa ife akawapemphe, ndipo akakumana pati?